Batani Lofiira la ku Tavomera

Ku Tavomera, dziko limene simungalipeze pa mapu ngakhale mutavala magalasi awiri, mawu akuti "ayi" analetsedwa kalekale. Akuti agogo ake a Mfumu imene ilipoyi, ali mnyamata, anafunsira mbeta ina pamsika, mbetayo n'kuwayankha ndi mawu amenewo anthu akuona. Atalowa ufumu sanachedwe, lamulo loyamba linali limenelo. Kuyambira pamenepo anthu a ku Tavomera amangovomera basi.

Koma musawayese opusa, ayi. Ine ndikhoza kuwatchula mawuwa chifukwa ndikulemba ndili tsidya lino la malire. Anthuwa ali ndi ainde amitundumitundu. Pali inde wamfupi, wa munthu amene wavomeradi. Pali "inde, tiona." Ndiye pali indeee wautali uja, wonena maso ali pa zala za kumapazi, amene ngakhale mwana woyamwa amadziwa kuti tanthauzo lake n'lakuti ndisiyeni ine. Ndi ainde amenewa dziko linkayenda bwinobwino. Anthu ankakana maukwati, ankakana mowa, ankakana kutumidwa, popanda wina kuphwanya lamulo. Vuto linabwera ndi makina, chifukwa makina samva kutalika kwa inde.

Chaka china Mfumu Saopakanthu Wachitatu inaitanitsa kireni yatsopano ya pa doko la Senzani, makina aja a khosi lalitali onyamula katundu kuchoka m'mabwato akuluakulu kupita kumtunda. Kireni yakale inali ndi zogwirira zachitsulo. Yatsopanoyi inabwera ndi sikirini yokha, yopanda kalikonse, kudikira munthu woti akonze zimene woyendetsa aziona ndi pamene azidina. Ntchito imeneyi anaipereka kwa Ndaziona, mayi wophunzira za makompyuta, wosakonda kulankhula.

Boma linamupatsa ofesi ya kapeti ku likulu, ku Mwalamula. Iye anakhalamo tsiku limodzi. M'mawa mwake anapita kumsika kukapempha makatoni a sopo, anatola zitsekerero za mabotolo, ndi kukwera basi ya ku doko.

Pa dokopo Ndaziona anali ndi chifukwa chake chake chosafunira kulakwitsa. Achimwene ake a Malizani anali womanga katundu. Ntchito yawo inali kukola katundu ku mbedza ya kireni, kenako kuima pansi pake atagwira chingwe chowongolera kuti katunduyo asapendeke. Tsiku lililonse matumba a simenti ankadutsa pamwamba pa mutu wawo, ndipo moyo wawo unali m'manja mwa munthu wokhala m'kachipinda ka pamwamba paja.

Munthuyo anali a Kambalame, mkulu waimvi amene anali atayendetsa kireni zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Ndaziona anakwera makwerero onse aja, katoni ili kumsana, nakakhala pambali pawo. Anajambula sikirini pa katoni ndi makala, namata zitsekerero ngati mabatani.

"Bambo, tiyerekeze kuti awa ndi makina atsopano aja. Mabataniwa ali pabwino?"

"Inde," anatero a Kambalame.

Anawasuntha onse, nawaika chadodolido. "Nanga apa?"

"Inde."

Apo Ndaziona anasiya kufunsa. Anaona kuti ku Tavomera kufunsa pakamwa n'kutaya nthawi, ndiye anayamba kuyang'ana manja. Anaona kuti a Kambalame akamagwira ntchito sayang'ana n'komwe kutsogolo kwawo, maso amakhala pansi pomwe pali anthu. Anaona kuti amavala magolovesi okhuthala, odzaza girisi, amene chala chimodzi chimadina zitsekerero ziwiri nthawi imodzi. Ndiye anapeza kanjira kake. Ankawasiya ayambe nkhani ya mbuzi zawo, akafika pokoma iye n'kukuwa mwadzidzidzi, "Chingwe!"

Dzanja la mkuluyo linkangoti pha! pa katoni, eni ake asanaganize n'komwe.

"Mwanawe, udzandipha ndi mtima!" ankadandaula.

"Pepani bambo, tiyeni tibwerezenso."

Patatha milungu itatu anali ndi makatoni asanu ndi awiri, ndipo iliyonse inali ndi chidindo cha dzanja lagirisi pamalo amodzimodzi, m'munsi chakumanja. Pamenepo Ndaziona anaikapo chivundikiro cha chitini cha penti yofiira, chachikulu ngati mbale, nalembapo kuti IMA. Amisiri atapanga batani lenileni, analiika pomwepo, pambali pa sikirini, ndi waya wake wopita ku injini.

Zikanathera pompo, bwenzi ine ndilibe nkhani. Koma ku Tavomera ngakhale khasu latsopano limayamba lakaonekera ku bwalo la nduna.

Tsiku la bwalo Mfumu inakhala pampando ikusinza, nduna zili mbali ndi mbali. Amene anatsogolera mafunso anali a Gogoda, Nduna Yoona za Kuwomba M'manja, munthu wa manja osalala amene chiyambire sanagwirepo kanthu kolemera kuposa supuni. Anazungulira katoni ya Ndaziona kawiri, naloza ndi ndodo.

"Mayi, chofiirachi n'chiyani?"

"Ndi batani loimitsira makina, bwana. Chingwe chikayamba kulira, kapena munthu akaterereka pansi pa katundu, woyendetsa amenye apa, zonse ziime."

"Ziime?" A Gogoda anatembenukira anzawo maso ali tong'o. "Mwamva, abale? Chaka chino, chimene Mfumu yathu yachitcha Chaka Chothamanga, mayiwa akufuna zinthu ziime!"

Nduna zinapukusa mitu, zina mpaka zipewa kugwa. Anaitanitsa Woweruza Wamkulu, amene anafufuza m'mabuku masiku awiri nabwera ndi chigamulo chakuti kuima ndi mphwake wa mawu oletsedwa aja, kuleka ndi msuweni wake, ndipo kubwerera m'mbuyo ndi mlamu wake. Banja lonselo siliyenera kuoneka pa makina a boma.

Kenako nduna iliyonse inafuna kuikapo kake, paja munthu sungachoke pa msonkhano osasiya fungo lako. Anagwirizana kuti makina asananyamule kanthu, sikirini iziyamba yaonetsa maina onse aulemu a Mfumu, kuyambira Mwini Mitambo mpaka Wosaphethira. Funso lililonse likhale ndi mayankho awiri, INDE ndi INDE NDITHU, kuti wantchito asamadandaule kuti sanapatsidwe mwayi wosankha. Akapanda kudina, makina azidzivomerera okha, pakuti ku Tavomera kukhala chete n'kuvomera. Ndipo mawu aja akuti IMA achotsedwe lero lomwe.

Ndaziona anapsa mtima, komanso anachita mantha.

"Bwana, achimwene anga amaima pansi pa mbedza imeneyo tsiku lililonse."

"Ndiye ndi odala," anayankha a Gogoda. "Ali pansi penipeni pa chitukuko."

Pofuna kusonyeza kuti boma limamvera antchito, anaitana a Kambalame. Mkulu uja analowa atavala jekete yobwereka, nagwada.

"Iwe ndiwe udzayendetse makinawa. Zimene takonzazi zili bwino?"

A Kambalame anayang'ana zala zawo za kumapazi. "Indeee."

Aliyense m'bwalomo anamumva inde ameneyu, ngakhale alonda a pakhomo. Koma mlembi analemba kuti wavomera, chifukwa m'buku la boma inde alibe utali.

Pamenepo Mfumu inadzidzimuka ku tulo. "Nanga nkhope yanga ikhala pati?"

Palibe anali ataganizako! A Gogoda anayamba kutuluka thukuta. Ndaziona anayang'ana katoni yake, anayang'ana chidindo cha girisi chija, ndipo anagwada.

"Mfumu, nkhope yanu ikhala pamalo olemekezeka kuposa onse. Pamene dzanja la wantchito limafika lokha, ngakhale atatsinzina."

Mfumu inamwetulira, nduna zinawomba m'manja mpaka a Gogoda atakweza ndodo. Ndipo Ndaziona anamvera lamulo lonse. Anafufuta mawu akuti IMA, anamata chithunzi cha Mfumu pa batani lofiira lija, chokwana bwinobwino ngati chinabadwira pompo. Za waya wopita ku injini palibe anamufunsa, nayenso sanaone chifukwa chotangwanitsira akuluakulu ndi nkhani za mawaya.

Loweruka anapita ku msika wa Nong'onong'o, kumene alamu ake a Namaseko, akazi a Malizani, ankagulitsa mbatata. Nkhani inali itafika kale, paja kumsika nkhani imafika bwalo lisanabalalike.

"Ati makina atsopano saima," anatero mayi wogulitsa mchere.

"Ndiye afanana ndi pakamwa pa a Gogoda," anayankha bambo wosoka nsapato, osakweza mutu.

"Ati akakufunsa, uli ndi ufulu wosankha."

"Eya, ngati nkhuku kuifunsa kuti tikuotche kapena tikuphike."

Anthu anaseka cham'munsi. Koma a Namaseko sanaseke. Anamukokera Ndaziona kuseri kwa thumba la mbatata.

"Alamu, musandibise. Ine sindikudya bwino chimvere nkhaniyi. Bambo a ana angawa akakhala pansi pa katundu, chingwe n'kuyamba kulira, mkulu uja adzadina pati?"

"Batani lilipo, alamu. Langovala nkhope."

"Nkhope ya ndani?"

Ndaziona anawanong'oneza. A Namaseko anagwira pakamwa. "Mayo ine! Ndiye adzalimba mtima ndani?"

Funso limeneli ndi limene linamukwezanso Ndaziona makwerero a kireni. Pakuti ku Tavomera kuli lamulo lina, lakuti wokhudza chithunzi cha Mfumu ndi dzanja losasamba achotsedwe m'dziko, iye ndi mbuzi zake. A Kambalame atamva zimene zinali kuseri kwa chithunzicho, anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda zenera.

"Mwanawe, ukuti ine ndimenye Mfumu mbama? Ndi golovesi iyi?"

"Si Mfumu, bambo, ndi pepala."

"Ukakanene zimenezo kwa Woweruza."

"Bambo, ndakugwirani mwendo. Pansi paja pamakhala achimwene anga. Zikadzavuta, mudzamenya?"

Mkulu uja anayang'ana kunja, kenako anati "Inde," koma mphepo inali kuwomba, ndipo Ndaziona sanamve bwino ngati anali wamfupi kapena wautali. Anatsika mtima uli m'mwamba.

Tsiku lotsegulira kireni linafika, dzuwa lili phwee, doko litadzaza anthu. A Gogoda anali atakonza zoti katundu woyamba kunyamulidwa akhale Mfumu yeniyeniyo, ili pampando wake, kuti ikalankhule kwa anthu kuchokera kumwamba monga Mwini Mitambo. Anaipatsa maikolofoni. A Malizani anakola mpandowo ku mbedza, anayesa mfundo zonse kawiri, naima pansi pake atagwira chingwe chowongolera. A Namaseko ndi Ndaziona anali kutsogolo kwa khamu, atagwirana manja.

M'kachipinda muja a Gogoda anakankhira a Kambalame pambali. "Lero adina ndi munthu wa manja oyera," anatero, nawonso ali ndi maikolofoni yawo yofotokozera mtundu wonse zimene zikuchitika.

Sikirini inaonetsa maina aulemu onse, anthu akupsa ndi dzuwa. Kenako inafunsa msinkhu umene katundu akaimire.

"Mfumu siiikiridwa malire!" analengeza a Gogoda, nadumpha funsolo.

Mpando unanyamuka. Anthu analulutira. Mfumu inakweza dzanja, niyamba, "Anthu anga a ku Tavomera..." Inafika msinkhu wa denga, mawu akumveka bwino. Itafika msinkhu wa mtengo wa bulugamu, mphepo ya kumtsinje inaugwedeza mpando, ndipo Mfumu inachita chinthu chimene inali isanachitepo chibadwire. Inayang'ana pansi.

"Basi, pakwana," inatero ndi mawu aang'ono.

Sikirini inafunsa: KODI TIKWEZEBE? A Gogoda anayang'ana INDE, anayang'ana INDE NDITHU. Poganiza kuti wamfupiyo ndi wofatsa, anafuna kudina ameneyo, koma chala chinaphonya ndipo chinagwera pa winayo. Injini inabangula, mpando unathamanga.

"Nditsitseni!"

A Gogoda anachotsa manja, nawabisa kumbuyo. Makina anadikira pang'ono, anaona kuti palibe wotsutsa, anadzivomerera okha.

Ndiye abale inu, mawu amene anali asanamveke m'dzikomo zaka makumi asanu ndi limodzi anatuluka m'zokuzira mawu zonse za pa doko, kuchokera pakamwa pa Saopakanthu Wachitatu.

"Ayi! Ayi! Ayiii!"

Ng'oma zinaleka. Ana anafunsa amayi awo kuti Mfumu ikuti chiyani. Mlembi anaimika cholembera m'mwamba, osadziwa kuti alembe bwanji.

Koma antchito a pa doko sankamvera zimenezo, ankayang'ana mbedza. Inali itatsala pang'ono kukagunda kunsonga kwa khosi la kireni, ndipo onse ankadziwa kuti ikagunda, chingwe chiduka. Anthu anayamba kuthawa. A Malizani okha sanasunthe. Akanataya chingwe chawo, mphepo ikanaukankhira mpando uja pamwamba pa khamu. Anachikulunga m'manja, chikuwakoka mpaka kuima ndi zala za kumapazi, mpando uli pamwamba penipeni pa mutu wawo.

"Bambo a Tamanda, thawani!" analira a Namaseko poitana amuna awo.

Ndaziona sanaitane a Gogoda, sanaitane Mfumu. Anadzaza mpweya m'chifuwa nakuwa mawu amodzi okha aja amene anakuwa milungu itatu m'kachipinda muja.

"Chingwe!"

PHAA!

Mbama imeneyo inamveka dziko lonse, paja maikolofoni ya a Gogoda inali yotsegula. Injini inati zii. Mpando unaima, mbedza itatsala kamtunda kosakwana mkono. M'kachipinda muja a Kambalame anali chiimire, akuyang'ana dzanja lawo ngati la munthu wina.

Anyamata a pa doko anatsitsa Mfumu pang'onopang'ono ndi chopukusira chamanja. Inafika pansi chisoti chitapendekera ku khutu. Itamwa madzi, inafunsa kuti phokoso lija linali la chiyani. Onse analoza kachipinda ka pamwamba paja. Mfumu inakananso kukwera kukaona, ndiye anyamata aja anamatula chithunzi chija pa batani nabwera nacho. Pa tsaya lakumanzere panali dzanja lathunthu la girisi, zala zisanu zonse zikuoneka.

A Kambalame anagwada, maso ali kale ku njira ya kumalire.

"Ndiwe wachita izi?"

"Mfumu, pakamwa panga panavomera zonse zimene bwalo linanena. Dzanjali ndi limene silidziwa malamulo."

Mfumu inatembenukira Ndaziona. "Likanapanda kutero?"

"Chingwe chikanaduka, Mfumu. Mpando ukanagwera achimwene anga awo, inuyo muli momwemo."

Mfumu inayang'ana a Malizani, amene anali atakhala pansi, zikhatho zitasupuka ndi chingwe, akazi awo akuwakulunga ndi mpango uku akulira uku akuwakalipira. Inayang'ananso chithunzi chija nthawi yaitali, niyamba kudzisisita tsaya lakumanzere. A Gogoda, amene m'moyo mwawo sanaphonyepo kumene mphepo ikulowera, anatsokomola.

"Mfumu, ndikaona bwino, kumeneku si kumenya. Kumeneku ndi kusisita. Kungoti kwachangu."

"Kusisita," inabwereza Mfumu. "Eya. Azindisisita choncho nthawi iliyonse chingwe chikalira. Asamayambe akasamba m'manja."

Madzulo a tsikulo boma linalengeza kuti pa mwambo wa ku doko Mfumu inayetsemula katatu, ndipo amene anamva zina akaonetse makutu ku chipatala. Mawu aja ndi oletsedwabe mpaka lero. Koma lamulo latsopano linatuluka, lakuti makina onse a mu ufumu, a ku chigayo, ochekera matabwa, opopera madzi, akhale ndi batani lalikulu lofiira lokhala ndi nkhope ya Mfumu, pamalo pamene dzanja la wantchito limafika lokha. Ndaziona anayendayenda dziko lonse ndi makatoni ake, kukhala pambali pa amisiri, kudikira ayambe nkhani zawo, n'kukuwa.

Zithunzizo sizikhalitsa. Za ku chigayo amasintha mwezi uliwonse, ndipo pali ena, ndamva, amene amaimitsa makina ngakhale palibe chavuta. Lipoti la a Gogoda likuti palibe mfumu ina pansi pano imene anthu ake amaikonda mpaka kuifufuta nkhope.

Loweruka lina Ndaziona anadutsanso pa Nong'onong'o. Bambo wosoka nsapato uja anamuitana.

"Mayi, simungatikonzereko ifenso batani limodzi kuno kumsika?"

"Loimitsa chiyani, bambo? Kuno kulibe makina."

"Lisaimitse kanthu. Tizingosisitako podutsa."

A Namaseko anaseka koyamba chichitikire zija. Kenako anaona amuna awo akubwera kuchokera ku doko, chipewa chili m'manja. Anasiya kasitomala ali chiimire, anawathamangira, nawagwira manja onse awiri pakati pa msika, anthu akuona.

"Iwe, anthu akutiyang'ana," anatero a Malizani. "Tsiku lililonse uziwerenga?"

"Inde," anayankha a Namaseko, wamfupi weniweni, napitiriza kuwerenga zala mpaka khumi.